Nambala ya Galimoto ndi Ntchito Yosintha Chasisi

Magalimoto amene amanyamula alangizi, mbewu zoyesera ndi feteleza kupita ku minda ya kafukufuku amakalamba mwa njira yawoyawo. Injini imakonzedwa kangapo, masipuling'i ndi matayala amasinthidwa chaka ndi chaka, koma imafika nthawi imene chasisi yeniyeniyo, chitsulo chachikulu chapansi chimene zonse zinamangidwapo, yadyedwa ndi dzimbiri kapena yapindika pa ngozi. Pa Land Rover yakale ndi pa Toyota Land Cruiser chasisi ndi yapayokha, yolumikizidwa ku thupi la galimoto ndi mabawuti, kotero kuti itha kuchotsedwa ndi kuikapo ina. Chovuta n'chakuti nambala imene boma limadziwira galimotoyo inadindidwa pa chitsulo chomwecho chimene mukufuna kutaya. Amene asintha chasisi asanaganizire za nambalayi amatsala ndi galimoto yolimba imene singathe kudutsa malire.

Nambalayi imatchedwa VIN, ngakhale kuti ambiri timangoti nambala ya chasisi. Kuyambira cha m'ma 1980 opanga magalimoto ambiri amatsata muyezo wa ISO 3779, umene umati nambalayi ikhale ndi zilembo ndi manambala 17. Zitatu zoyambirira zimatchula dziko ndi kampani: SAL ndi Land Rover ya ku Britain, yoyamba ndi JT ndi Toyota ya ku Japan, pamene AHT ndi Toyota yopangidwa ku South Africa. Zisanu ndi chimodzi zotsatira zimafotokoza mtundu wa galimoto, ndipo zomalizira ndi nambala ya galimoto imodzi yokhayo. Zilembo I, O ndi Q sizigwiritsidwa ntchito, poopa kuti zingasokonezedwe ndi 1 ndi 0. Motero mukapeza chilembo O m'kati mwa nambala yolembedwa m'buku la galimoto, dziwani kuti mlembi wina analakwitsa, ndipo nkwabwino kukakonzetsa cholakwacho msanga.

Si galimoto iliyonse imene ili ndi zilembo 17. Magalimoto amene anapangidwira msika wa m'dziko la Japan momwemo, amene afika ochuluka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique atagwirapo kale ntchito, ali ndi nambala yaifupi: imayamba ndi dzina la mtundu, monga HZJ77, kenaka kamzere, kenaka manambala. Land Rover ya mtundu wa Series yopangidwa chisanafike chaka cha 1979 nayonso ili ndi nambala yaifupi. Palibe cholakwika pa izi, ndipo munthu asaonjezerepo zilembo pofuna kudzaza mabokosi a pa fomu.

Nambalayi imapezeka malo awiri kapena atatu. Pa Land Rover Ninety ndi One Ten, zimene zinapatsidwa dzina lakuti Defender mu 1990, kambale kachitsulo kanakhomedwa ndi maliveti pamwamba pa bokosi la chopondera mabuleki, pansi pa boneti. Nambala yomweyo inadindidwanso pa chasisi, kutsogolo kumanja, pafupi ndi tayala, ndipo pa magalimoto apambuyo pake imaonekeranso m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Pa Series III yang'anani pa chitsulo chogwira sipuling'i yakutsogolo kumanja. Pa Land Cruiser 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984, kambale kali m'chipinda cha injini ndipo chidindo chili pa chasisi pafupi ndi tayala lakutsogolo lakumanja. Pa ma Hilux ena chidindocho chili kumbuyo. Mwa malo onsewa, chidindo cha pa chasisi ndicho apolisi amakhulupirira, pakuti kambale ka maliveti ngakhale mwana atha kukachotsa.

Pa galimoto imene yakhala zaka zambiri m'matope, chidindochi chimabisika ndi dothi, girizi ndi dzimbiri. Tsukani malowo ndi palafini, pukutani ndi burashi ya waya yofewa, pakanipo choko ndipo muunikire tochi chammbali kuti zilembo zituluke. Musagwiritse galayinda kapena sandipepala yokhakhala. Zipsera za galayinda pafupi ndi nambala ndicho chizindikiro choyamba chimene wapolisi amafuna poganizira galimoto yobedwa, ndipo makaniko wa mtima wabwino amene amangofuna kuyeretsa atha kukulowetsani m'mlandu. Nambala ikaoneka, ikanipo pepala ndi kukhutiza ndi pensulo kuti idindike, ijambuleninso chithunzi, kenaka muifanizire chilembo ndi chilembo ndi zimene zili m'buku. Samalani ndi 5 ndi S, 8 ndi B, 2 ndi Z.

Kwa ife amene timagwira ntchito modutsa malire nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa mlimi amene galimoto yake siituluka m'boma lakwawo. Pa Mwami, pa Zobue, pa Nyamapanda kapena pa Chirundu, nambala ya chasisi imalembedwa pa chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi pa inshuwalansi. Mu 1995 akuluakulu a polisi a m'chigawo chino anakhazikitsa bungwe la SARPCCO, ndipo kuba magalimoto ndi kuwadutsitsa malire ndi umodzi mwa milandu imene amathandizana kufufuza. Galimoto imene nambala yake ya pa chitsulo ikusiyana ndi ya pa pepala itha kugwidwa pomwepo. Ngati ulendowo unali wokabzala munda woyesera mvula yoyamba itagwa, ndiye kuti zotsatira za chaka chonse zapita.

Musanaganize zosintha, tsimikizani kuti chasisi yathadi. Ya Land Rover inapangidwa ndi zitsulo zopyapyala zowotcherera ngati bokosi, ndipo imaola kuyambira m'kati, kumene matope amalowa ndi kusunga chinyontho. Kunja itha kuoneka bwino pamene m'kati mwatsala mafufuzi okhaokha. Igogodeni ndi nyundo m'litali mwake monse, makamaka chitsulo chopingasa chakumbuyo, timikono togwira thupi ndi malo ogwira masipuling'i. Chitsulo chamoyo chimalira, chakufa chimangoti phu. Magalimoto onyamula feteleza ndi oyenda m'mphepo ya mchere ya ku Beira kapena ku Quelimane amaola msanga. Pofuna kudziwa ngati yapindika, iyezeni mopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake mbali zonse ziwiri, ndipo miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Chitsulo chakumbuyo chokha kapena kamkono kamodzi zitha kudulidwa ndi kuwotchererapo zatsopano. Koma zitsulo ziwiri zazitalizo zikaola kapena kupindika, zigamba ndi kutaya ndalama chabe.

Ntchito yosintha imayambira ku ofesi, sipanala isanagwiridwe. Pitani ndi galimoto ikadali yathunthu kwa olembetsa magalimoto: ku Malawi ndi nthambi ya Road Traffic, ku Zambia ndi RTSA, ku Zimbabwe ndi Central Vehicle Registry. Tengani buku la galimoto, limene ku Malawi ambiri amalitcha blue book, ku Zambia white book, ku Mozambique livrete. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho pemphani kuti akulembereni zoyenera kuchita, ndiponso kuti apolisi aone nambala yakale ikadali pamalo pake. Ku South Africa, mwachitsanzo, apolisi amatha kupereka nambala ina yotchedwa SAPVIN. Ngati galimoto ndi ya pulojekiti, yolembedwa m'dzina la unduna kapena la opereka thandizo, pezani kalata ya chilolezo kwa eni akewo, ndipo ngati inalowa m'dziko osalipira msonkho funsaninso a kasitomu.

Pali njira yachidule imene amakaniko ena amaikonda: kudula kachidutswa kokhala ndi nambala pa chasisi yakale ndi kukawotcherera pa yatsopano. Ikaneni. Umu ndi momwe akuba amabisira galimoto, ndipo mzere wowotcherera wozungulira nambala subisika kwa munthu wodziwa. Musadindenso nambala nokha popanda chilolezo cholembedwa. Choopsa koposa ndi chasisi yogula kwa ophwasula magalimoto, chifukwa imabwera ndi nambala ya galimoto ina imene mbiri yake simukuidziwa. Ngati palibe kuchitira mwina, musaigule popanda mapepala a galimoto imene inachokerako ndi chikalata cha apolisi. Chasisi yakale musaigulitse kwa ogula zitsulo kufikira boma litamaliza kulemba zonse, ndipo lisiti ya yatsopano isungidwe pamodzi ndi buku.

Poitanitsa chasisi yatsopano tchulani VIN yonse. Kutalika kokha sikukwanira, pakuti malo okhazikapo injini ndi giyabokosi amasiyana pakati pa 200Tdi, 300Tdi ya 1994 ndi Td5 ya 1998. Ngati ndalama zilipo sankhani yoviikidwa m'zinki, monga amachitira malata a denga. Imakhala zaka zambiri, koma zinki imatseka mabowo ndi mazinga a mabawuti, ndipo ayenera kutsegulidwa musanayambe kumanga. Malo olumikizira waya wa nthaka ya magetsi apalidwe bwino. Kuwotcherera pa chitsulo cha zinki kumatulutsa utsi wodwalitsa, choncho kuchitike pabwalo. Zonsezi sizikhudza Defender yatsopano imene inayamba kugulitsidwa mu 2020, chifukwa iyo ilibe chasisi yapayokha.

Ikani chasisi ziwirizo moyandikana pamalo osalala. Chotsani batire, khuthulani mafuta, lembani dzina pa waya ndi paipi iliyonse, ndipo jambulani zithunzi musanamasule. Thupi likanyamulidwa likhazikidwe pa zochirikiza zolimba. Munthu asalowe pansi podalira jeke yokha. Pa Defender, mawaya opita ku magetsi akumbuyo amadutsa m'kati mwa chasisi, ndipo nkosavuta kuwalowetsa idakali yopanda kanthu. Samutsani ma ekiselo, injini ndi giyabokosi, koma mapaipi a mabuleki, marabala ndi mabawuti ikani atsopano, popeza mpata wofika malo amenewo mosavuta sudzapezekanso. Pamene aluminiyamu wa thupi akhudzana ndi chitsulo ikanipo chotchinga, chifukwa zitsulo ziwirizi zimadyana zikanyowa. Mabawuti a thupi asamangidwe kotheratu kufikira zitseko zitayamba kutsekeka bwino, ndipo a m'marabala a miyendo amangidwe galimoto itaima pa matayala ake.

Ntchito ikatha, bwererani ku ofesi kuti galimoto iyesedwe ndi kuti buku lisinthidwe. Dziwitsani a inshuwalansi, konzani kaundula wa katundu wa pa siteshoni, ndipo kope la kalata ya apolisi likhale m'galimoto nthawi zonse pamodzi ndi mapepala ena a ulendo. Galimoto ikayenda masabata angapo m'misewu ya fumbi, ibwerere ku galaja kuti mabawuti onse amangidwenso.