Malaiti apita? Organ ya mapepala iimba na mphepo chabe

Sekani, tikudziwa kuti muzaseka. Pepala, lija lamene ba mayo a pa kantemba amakulungira vitumbuwa, lingalire ngati organ ya mu tchalitchi? Mukasiliza kuseka, pitani mukasakile ndodo ya mopu, brown paper yokutira mabuku a sukulu na glue yoyera ya akalipentala. Mukayamba pa Chisanu madzulo, pofika Sondo masana muzakhala muli na paipi imodzi yolira, yopanga mweka, yosafuna batire olo socket.

Za socket izi si nthabwala. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, load shedding inafika pa maola 21 pa tsiku. Imwe amene mumaliza keyboard ku kwaya ya youth mukukumbukira: practice ya Chiwiri na Chinayi inasanduka kuomba m'manja, keyboard ili phee pa kona, yofunditsidwa chitenge monga mwana wodwala. Ndipo amenewo ni amwayi, ali nayo keyboard. Ambiri mu komboni amafuna kuphunzira nyimbo koma mtengo wa keyboard mu shop umawabweza pa khomo pomwe.

Kuno ku Kopala kudzipangira choimbira si chachilendo. Kalindula, imene inachokera ku Luapula n'kudzaza ma bar na ma wailesi a pa Zed m'ma 1980, inayamba na ma banjo a zitini na babatoni, bass ija yaikulu ya chikumba cha nyama imene woimba amaikhalira pamwamba. Ku Malawi, Madalitso Band na Gasper Nali akwera ndeke kukaimba ku Europe na babatoni yopanga okha. Ku Tete, ku Mozambique, Anyungwe ali na gule wa nyanga: munthu aliyense agwira zitoliro zake zochepa za bango, auzira uku akuvina, ndipo gulu lonse pamodzi limveka ngati choimbira chimodzi chachikulu. Mukaganiza bwino, imeneyo ni organ kale, kungoti m'malo mwa bokosi la mphepo muli zifuwa za anthu.

Organ yeniyeniyo inabadwira mu Africa muno. Anaipeka ni Ktesibios, katswiri wa makina wa ku Alexandria, ku Egypt, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Za mapepala nazo si za pa TikTok ayi. Ku Venice, mu Museo Correr, muli organ imene Lorenzo da Pavia anapanga mu 1494, ya mapaipi a mapepala omata. Leonardo da Vinci naye anajambulapo organ yonyamula m'manja ya mapaipi otere m'mabuku ake. Mu 1887, ku London, Mark Wicks anatulutsa buku lotchedwa Organ Building for Amateurs, lolembera anthu wamba amene analibe ndalama yogulira mapaipi a nsimbi, ndipo anawaphunzitsa kukulunga mapepala. Manje pa YouTube pali Aliaksei Zholner wa ku Belarus, amene organ yake yaing'ono, makiyi na mvukuto womwe, ni ya mapepala na makatoni. Ikani ma bundle, mukaione, mukaimvere.

Chinsinsi chili pakamwa

Chimene chimaimba mu paipi si pepala, si nsimbi, si thabwa. Ni mphepo. Ikalowa pansi, imapanikizika kudutsa pa kampata kopyapyala, n'kutuluka ngati kansalu, n'kukamenya pa mlomo wakuthwa wa kawindo kamene kali pa mbali pa paipi. Pamenepo imayamba kugwedezeka, kulowa na kutuluka mwamsangamsanga, ndipo mphepo yonse ili mkati mwa paipi imanjenjemera nayo. Wezulo ya referee imasebenza chimodzimodzi, na chitoliro cha phesi la papaya chija munali kupanga muli ana. Ntchito ya khoma la paipi ni kugwira mphepo kuti isathawe, basi. Likakhala lolimba, losalala mkati, lopanda pobooka, mphepo ilibe nazo kanthu kuti munaligula zingati.

Yambani tero. Tengani ndodo ya mopu, olo kapaipi ka PVC ka 20 mm kamene amagetsi amapitsamo mawaya. Ikulungeni na pulasitiki ya buledi kuti pepala lisamamatire. Dulani brown paper olo manila, pakani glue mopyapyala, kulungani mothina, muzungulire kambiri mpaka khoma lifike mamilimita awiri. Osathira glue monga mukuthira supu pa nsima. Ikachuluka pepala limachita makwinya ndipo paipi imapindika pouma. Isiyeni pa mthunzi usiku wonse. M'mawa isololeni. Mukaigogoda na chala izilira ngati kathabwa. Ikamveka ngati katoni yonyowa, sinaume, bwezani.

Manje pakamwa, pamene ambiri amagonjera. Kuchokera kunsonga imodzi pimani masentimita atatu, mudule kawindo na razor yatsopano. Pa paipi ya 20 mm, kawindo kakhale pafupifupi 15 mm m'mbali, 4 olo 5 mm kutalika kwake. Mlomo wapamwamba muupale mopendeketsa kuti ukhale wakuthwa, muudonthezere super glue kuti uume gwa, chifukwa mlomo wa manyunyu sulira, umangopuma. Kenaka semani kamtengo kozungulira kokwana bwino mu paipi, kotalika masentimita atatu omwewo. Mbali imodzi ipaleni ikhale fulati, muchotse milimita imodzi chabe. Kalowetseni pansi, mbali yopalayo iyang'ane ku kawindo, nkhope yake ilekezere pomwe kawindo kayambira.

Osamata msanga. Uzirani pang'onopang'ono. Mukamva mphepo yokha, fooo, sunthani kamtengo pang'ono, kutsogolo olo kumbuyo, utali wa chikhadabo. Ikalira mokuwa ngati mwana wa mbuzi, mwauzira mwamphamvu maningi, olo kawindo kachepa. Ikalira mosasa, kampata kakula, semani kamtengo kena. Paipi yoyamba izakana, yachiwiri mwina izakana, ndipo mlongo wanu azayamba kukufunsani ngati zonse zili bwino kumutu. Pitirizani. Pali malo amodzi pamene mawu amatulukira oyera, ozungulira, ngati a njiwa m'mamawa. Mukawapeza, lembani na pensulo, ndiye mumate.

Apa a ku Garneton muli na mwayi. Kwanu kuja, kumene ena amati Itimpi, mukatuluka mu Kitwe kulowera njira ya ku Chingola, ma plot ni aakulu ndipo neba ali patali. Mungakhale pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse mukuliza paipi yosapsa, palibe azabwera kugogoda. Imwe a ku Chimwemwe, Buchi na Kawama, kumene neba akayetsemula mumayankha, kambiranani nawo poyamba, makamaka ngati ba neba ni a night shift ku mugodi.

Masamu ake ni ochepa

Paipi yaitali imalira pansi, yaifupi imalira pamwamba. Mukaidula pakati, mawu amakwera octave imodzi, kuchoka pa doh kufika pa doh wapamwamba. Ndiye chifukwa chake mu organ zikuluzikulu muli mapaipi aatali kuposa nyumba na ena aafupi ngati pensulo. Ya ku Boardwalk Hall ku Atlantic City, ku America, ili na mapaipi oposa 33,000. Imwe mufunika 8 chabe kuti muimbe doh mpaka doh.

Nambala zake nazi, kupima kuchokera pa kawindo kufika pamwamba, pa paipi yosatseka. Doh, amene pa keyboard ni C wotsatira middle C, ni masentimita 33. Ray ni 29, me 26, fah 24.5, soh 22, lah 19.5, te 17.5, doh wapamwamba 16.5. Nambala izi zimachokera ku liwiro la mawu mu mphepo, mamita 343 pa sekondi kukakhala kosatentha kwambiri. Paipi yeniyeni imalira pansi pang'ono kuposa mmene masamu akambira, choncho dulani pa nambala zimenezi, ikani tuner ya pa foni, muzichotsako pang'onopang'ono mpaka singano iime pakati. Mukadula mopitirira, osalira. Kulungani kapepala kena kunja kwa nsonga, kothina koma kotha kusuntha. Kukakweza, mawu atsika, kukatsitsa, akwera. Ndipo ngati mufuna bass koma pepala lachepa, tsekani pamwamba na chitsekero chosatulutsa mphepo: paipi yotseka imalira octave imodzi pansi, ya masentimita 30 imamveka ngati ya 60. Zitoliro za nyanga za ku Tete zija nazo n'zotseka kunsi.

Chinthu chimodzi chizakudabwitsani mu October. Kukatentha, mawu amathamanga kwambiri mu mphepo, ndipo mapaipi onse amakwera pang'ono pamodzi. Mukamaimba mweka simuzamva vuto. Mukafuna kuimba na mnzanu wa keyboard, muzakangana kuti wasokoneza ndani. Palibe wasokoneza, ni dzuwa.

Chifuwa cha organ

Mapaipi 8 opanda chowauzira ni mawezulo chabe. Ndipo osazolowera kuuzira na pakamwa, chifukwa mpweya wa munthu uli na chinyezi, pepala limafewa. Mufunika mvukuto. Mawu awa agogo amawadziwa: kudala, migodi ya azungu isanabwere, osula a chigawo chino na a ku Katanga anali kusungunula mkuwa na mivukuto ya zikumba. Wanu ungakhale pampu ya phazi yopopera matiresi, olo matabwa awiri olumikiza na pulasitiki yolimba.

Mphepo ya pampu imabwera modukiza, ndiye isalowe mu mapaipi mwachindunji. Ipite poyamba mu thumba la pulasitiki lolimba, pamwamba muikepo kathabwa na buku lolemera. Bukulo limakankha mphepo mofanana nthawi zonse, mawu sanjenjemera. Mphamvu yofunika ni yochepa modabwitsa. Tengani kapaipi koonekera mkati, kapindeni ngati U, thiranimo madzi, mbali imodzi mulumikize ku thumba. Madzi akasiyana masentimita 5 olo 6 pakati pa mbali ziwirizo, yakwana.

Kuchoka mu thumba, mphepo ilowe mu kabokosi ka plywood komata bwino m'makona monse. Pamwamba boolani mabowo 8, paipi iliyonse pa bowo lake. Mkati, pansi pa bowo lililonse, ikani kachitseko ka kathabwa komatapo labala ya chubu ya njinga, kokankhidwa na spring ya mu bolopeni. Kiyi ikadinizidwa, kawaya kakankha kachitseko, mphepo ikwera, paipi ilira. Makiyi mungapange na timitengo ta ice cream olo mapegi oyanikira zovala. Kunena zoona, gawo ili ndiye lovuta kuposa mapaipi, ndipo ngati muli na mnzanu kalipentala, ino ndiyo nthawi yomugulira drink. Kabowo kamodzi kothawitsa mphepo kazapangitsa paipi kulira yokha pakati pa pemphero. Brown paper, manila, glue, razor na vanishi, zonse muzazipeza mu town, ku Chisokone na mu ma hardware ozungulira.

Adani ake

Woyamba ni mvula. Kitwe imalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, kuyambira November mpaka April, ndipo m'miyezi imeneyo olo mchere wa mu kitchen umanyowa. Paipi yosapaka imamwa chinyezi, imafewa, mlomo umapindika, mawu amathawa. Ipakeni vanishi mkati na kunja, kawiri, musanaike kamtengo kaja. Mkati mungathiremo vanishi, kuzunguza, n'kukhuthula yotsala. Osapaka mochuluka pa mlomo. Nthawi yabwino yopangira ni May mpaka September, pamene glue imauma bwino.

Wachiwiri ni njala ya tizilombo. Wina azakuuzani kuti phala la ufa wa tute limamata bwino ndipo n'laulere. Zoona, limamata. Koma mphemvu na makoswe azakuthokozani, chiswe nacho chizabwera ku phwando. Sebenzesani glue ya mu shop, ndipo organ muisunge pamwamba pa kabati, osati pansi pa bedi. Mdani wachitatu ni mwana wa zaka zitatu wa pa nyumba panu. Za ameneyo mudziwa mweka.

Tisanamizane. Organ iyi siingalowe m'malo mwa keyboard. Ilibe drum beat, ilibe volume, ndipo mu tchalitchi cha ma speaker anayi siingamveke olo pa mpando wachiwiri. Na mapaipi 8 muzaimba nyimbo za key imodzi chabe. Mukafuna makiyi akuda aja, muonjezere mapaipi 5, aliyense wofupikirapo pang'ono kuposa mnzake wa kumanzere. Ndalama nayo musaiyembekezere, palibe azaima pa mzere kugula. Koma mu chipinda, usiku, malaiti atapita, mawu ake ni ofewa ngati a chitoliro, ndipo akwanira kupatsa soprano na alto note yoyambira. Amene wadzidulira yekha doh na soh, n'kumva na khutu lake mmene kuchotsa mamilimita awiri kumasinthira mawu, akakhala pa keyboard yeniyeni samasochera msanga.

Osayamba na zonse 8. Pangani soh, ya masentimita 22: ni yaifupi, pepala limodzi la A4 likwana m'litali, ndipo ikakana simunataye zambiri. Ikalira, pangani doh wapansi, mupatse mng'ono wanu imodzi, muuzire pamodzi kamodzi chabe mumve mmene ziwirizo zimagwirizanirana. Pepala la A4 limenelo lisakhale la mu notebook ya mlongo wanu wa Grade 12.