Alick Nkhata, Muulutsi wa pa Wailesi ya Sefuliya

Inu alimi a kwa Msakambewa, mukakhala pakhonde madzulo mukusoka fodya kapena kutongola chimanga, wailesi ili kulankhula pambali panu, kodi munayamba mwafunsapo agogo anu kuti iwo ankamvera wailesi ya kuti? Wailesi ya MBC inayamba m'chaka cha 1964. M'zaka za m'ma 1950 anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi ankatchera makutu ku Lusaka, kumene kunali nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station. Mmodzi wa aulutsi otchuka kumeneko anali Alick Nkhata.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene tsopano ndi Zambia, m'chaka cha 1922. Atate awo anali Mtonga ndipo amayi awo anali Mbemba, kotero kuti anakula akumva zilankhulo zosiyanasiyana. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali nafika mpaka ku Burma, monganso anachitira anyamata ambiri a ku Nyasaland. Atabwerako anayenda ndi Mzungu wina dzina lake Hugh Tracey, amene ankajambula nyimbo za anthu m'midzi. Pa maulendo amenewo anaphunzira kuti nyimbo ya pamtondo kapena ya pamowa ndi chuma chofunika kusunga.

Tsono pa masiku amenewo wailesi inali chinthu cha Azungu ndi anthu olemera okha. Bwana Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anapempha kampani ya Ever Ready ku England kuti ipange wailesi yotsika mtengo. M'chaka cha 1949 inafika wailesi yozungulira ngati sefuliya yophikira ndiwo, yopakidwa utoto wobiriwira ngati kumwamba, ndipo anaitcha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25. Inu amene mumadziwa kuvuta kwa ndalama ya fodya muone nokha kuti sanali aliyense wogula. Koma wailesi imodzi inkakwanira mudzi wonse, pakuti mwini wake sakanatha kutseka chitseko anansi ali panja.

Pulogalamu imene anthu ankaikonda kopambana inali Zimene Mwatifunsa. Mwamuna amene anapita ku migodi ya ku Copperbelt kapena ku Salisbury ankalemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa akwawo. Taganizani za mayi amene sanalandire kalata kwa chaka chathunthu, lero ndi kumva dzina la mwamuna wake likutchulidwa m'kasefuliya!

Bambo Nkhata sanali owerenga nkhani chabe ayi. Anali katswiri wa gitala, ndipo ankatenga nyimbo za kumudzi ndi kuziimba mwatsopano m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Ankaimbanso za moyo wa m'tauni, za mabanja ndi za ndalama zosakhalitsa m'thumba. Gulu lawo la Lusaka Radio Band pambuyo pake linatchedwa Big Gold Six.

Koma ntchitoyi inali ndi minga yake. Pamene Boma la Atsamunda linali kukakamiza Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953, anthu anayamba kukayika chilichonse chochokera ku Boma. Mphekesera inamveka kuti aulutsi a ku Lusaka ndi banyama, amene kuno timati anamapopa, ndipo ena mwa iwo anaopsezedwa. Munthu amene dzulo anali wokondedwa, lero anthu ankamuyang'ana ndi diso lofiira chifukwa cha amene ankamulipira. Ife alangizi timaidziwa bwino nkhani yotere, pakuti m'zaka zomwezo anzathu amene anatitsogola pa ntchito ankadedwa chifukwa cha malamulo a malimidwe. Mizere yopingasa ndi migula zinali zabwino pa mapiri ngati athu ano, koma pakuti zinabwera ndi chindapusa ndi ndende, anthu anazida pamodzi ndi ozibweretsa.

Anthu sanasiye kukonda nyimbo za Bambo Nkhata. Zambia italandira ufulu mu 1964, iwo anakwezedwa nakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesi ya dzikolo. Mu 1974 anapuma pa ntchito napita kukalima ku Mkushi, dera la chimanga chambiri. Munthu amene mawu ake ankamveka m'maiko atatu anasankha kukhala mlimi monga inu.

Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia analowa m'Zambia nathira nkhondo msasa wa anthu a Joshua Nkomo umene unali kufupi ndi Mkushi. Bambo Nkhata anaphedwa pa chipolowe chimenecho, ali ndi zaka 56. Mukadzapita ku Lusaka, funsani msewu wa Alick Nkhata Road. Nyumba ya wailesi ya dziko la Zambia ili m'mbali mwa msewu umenewo.