Kodi mumadziwa?

• Malawi ali ndi malo 9 akuluakulu osungirako nyama zakutchire. Mapaki ndi 5: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi. Ena 4 ndi Vwaza Marsh, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi.

• Kusaka nyama m'malo amenewa n'koletsedwa chaka chonse, kaya ndi mfuti, agalu, uta kapena khwekhwe lawaya. Ngakhale kungolowamo kukatola nkhuni kumafuna chilolezo.

• Malire a paki satsata malire a maboma. Nyika, yomwe ndi paki yaikulu kuposa onse m'dziko muno, imakhudza maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga, ndipo mbali ina ya phiri la Nyika ili ku Zambia.

• Ku Zambia, alenje a ziphaso amaloledwa kusaka m'madera ena ozungulira mapaki, monga Lupande pafupi ndi paki ya South Luangwa. Boma limaika nyengo yosakira komanso chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe.

• Lamulo la Malawi loteteza nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017. Wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka angathe kukhala m'ndende zaka mpaka 30.

Nyama ikakuonongerani mbewu m'munda, musaiphe nokha. Kadziwitseni alonda a nyama a m'dera lanu.