Ulendo wa Mankhwala Kuchokera Kudoko Mpaka ku Nguludi

Wodwala akalandira mankhwala pachipatala cha St Joseph's ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, amangoona dzanja limodzi lokha, la amene wampatsira pazenera. Koma mankhwalawo asanafike pamenepo amakhala atadzera m'manja ambiri, ndipo dzanja limodzi likachedwa, amene amavutika ndi wodwalayo.

Mankhwala ambiri a m'zipatala za m'Malaŵi amapangidwa kunja, makamaka ku India. Popeza dziko lino lilibe doko la panyanja yamchere, katundu amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kuchoka kumeneko amabwera pa malole kapena pa sitima ya pamtunda. Akaloŵa m'dziko, wambiri amasungidwa ndi bungwe la Central Medical Stores Trust, lomwe lili ndi nyumba zosungiramo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Zipatala za mishoni, monga cha ku Nguludi, zimagulanso kwa amalonda ena ovomerezeka.

Mbiri ikusonyeza kuti njira zimenezi zimatha kutsekeka. Pofika chaka cha 1984, nkhondo ya ku Mozambique inali itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Katundu anayamba kudzera ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000, kotero kuti mtengo wonyamulira unakwera ndipo masiku odikira anachuluka. Nayonso mphepo ya mkuntho ya Freddy, m'mwezi wa Marichi 2023, inaononga miseu ndi milatho m'Chigawo cha Kummwera, ndipo Chiradzulu linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri.

Tsono woyang'anira nyumba yosungiramo mankhwala achite chiyani? Ntchito yake yaikulu ndi kudziŵa zinthu ziŵiri: kuchuluka kwa mankhwala amene amatha pa sabata, ndi nthaŵi imene imapita kuchokera tsiku loitanitsa kufikira tsiku lolandira. Mwachitsanzo, ngati chipatala chimatha mabotolo 100 pa sabata, ndipo katundu amafika patapita masabata 6, ndiye kuti mabotolo 600 adzatha chipatalacho chikudikira. Woyang'anira wanzeru amaonjezapo ena 200 oyembekezera tsiku la tsoka, naitanitsa pamene atsala 800. Woyembekeza kuti shelefu iyambe yayera wachedwa kale ndi masabata 6.

Kuunjika katundu wambiri nakonso n'kulakwa, pakuti mankhwala ali ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo ndalama zogona pashelefu sizigula mafuta a ambulansi. N'chifukwa chake botolo loyandikira tsiku lake liyenera kutuluka poyamba, ngakhale litafika pambuyo pa anzake. Akatemera ambiri amafunanso kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 ulendo wonse; firiji ikazima panjira, katemera angathe kufika akuoneka bwinobwino koma wopanda ntchito.

Zonsezi zimatheka pokhapokha anthu akamauzana. Namwino alembe zimene zagwiritsidwa ntchito, wosunga katundu aŵerenge zotsala, wosunga chuma alipire msanga, woyendetsa galimoto adziŵe tsiku lonyamuka. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Khadi laling'ono loŵerengerapo katundu, likalembedwa moona tsiku ndi tsiku, ndilo limathandiza kuti mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wamalungo kumsana asabwerere kumudzi chimanjamanja.