Kufunsa Nkhokwe ya Kompyuta: Zilankhulo Ziwiri, Ntchito Imodzi

Mukamva kuti wina akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta mwina mumayesa kuti akuphunzira chilankhulo chimodzi. Kawirikawiri zimakhala ziwiri, ndipo mavuto amabuka pomwe ziwirizo zakumana. Ndifuna ndifotokozeko m'mene ndamvera nkhaniyi.

Choyamba ndi chilankhulo cha database, imene ine ndiitcha nkhokwe. M'nkhokwe zinthu zimasungidwa m'mizere ndi m'magawo, monga momwe aphunzitsi amalembera kaundula wa kalasi. Maganizo amenewa anawafotokoza Edgar Codd wa ku kampani ya IBM m'chaka cha 1970, ndipo mu 1974 Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anatulutsa chilankhulo chofunsira chomwe lero chimatchedwa SQL. Tiyerekeze laibulale. Mukafuna mabuku amene anasindikizidwa chisanafike chaka cha 1990 mumalemba kuti: SELECT mutu FROM mabuku WHERE chaka < 1990. Simuiuza nkhokwe m'mene ifufuzire ai. Mungonena chimene mufuna, iyo idziwa yokha kochipeza.

Chachiwiri ndi chilankhulo cholembera pulogalamu yeniyeniyo, monga Java ya mu 1995 kapena C# imene Microsoft inatulutsa mu 2002. Izi siziona mizere koma zinthu, zomwe pa Chingerezi amati objects. Buku ndi chinthu: lili ndi mutu wake, chaka chake, ndiponso zochita zake monga kubwerekedwa ndi kubwezedwa. Buku lotere limadziwa mlembi wake, pomwe m'nkhokwe muja mumangolembedwa nambala yolozera ku mzere wina.

Tsono awiriwa amvana bwanji? Njira yakale, imene ikugwirabe ntchito, ndi kulemba funso la SQL ngati mawu wamba m'kati mwa pulogalamu ndi kulitumiza ku nkhokwe. Pali compiler, chida chimene chimayamba chawerenga pulogalamu yonse ndi kukana ikakhala ndi cholakwa. Koma funso lija iyo siliwerenga, imangolinyamula ngati kalata yomata. Wolemba akati "chka" m'malo mwa "chaka", cholakwacho chidzaoneka tsiku limene munthu ali pa mzere kufuna buku.

Pali choopsa choposa apa. Wolemba wosasamala amatenga mawu amene mlendo walemba pa intaneti ndi kuwalumikiza ku funso lake. Mlendo wochenjera amalemba lamulo la SQL pomwe pamafunika dzina, nkhokwe ndi kumumvera ngati mwini wake. Kuba kotere kumatchedwa SQL injection. Mu October 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira imeneyi mbiri ya makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo mu 2016 inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Mmodzi mwa amene anavomera mlandu kukhoti anali mnyamata wosakwana zaka 18. Anzanga, si nkhani ya masewera iyi.

Akatswiri anayesa kumanga mlatho. Mu 2001 Gavin King anayambitsa Hibernate, imene imasandutsa mizere kukhala zinthu za Java. Koma njira imene ine yandikopa mtima ndi LINQ, kapena kuti Language Integrated Query, yomwe inatuluka mu 2007 pamodzi ndi C# 3.0. Anders Hejlsberg ndi anzake analowetsa kufunsa m'chilankhulo momwemo. Funso lathu lija limakhala lotere: from b in mabuku where b.Chaka < 1990 select b.Mutu.

Taonani kuti from wabwera poyamba, pomwe mu SQL amayamba ndi SELECT. Zili ndi nzeru yake. Kompyuta ikadziwa msanga kuti b ndi buku, imatha kukuonetsani zonse zimene buku lili nazo mukadali kulemba. Mukalakwitsa dzina, kapena mukayerekeza chaka ndi mawu m'malo mwa nambala, compiler imakana pomwepo. Mawu a mlendo nawo amatumizidwa padera, osasakaniza ndi lamulo. China chokoma ndi chakuti kafunsidwe komweka kamagwira pa nkhokwe, pa fayilo ya XML, ngakhale pa m'ndandanda umene uli m'pulogalamu momwemo.

Komabe sindinganene kuti SQL yatha ntchito. Nkhokwe siimva LINQ. Pali womasulira, monga Entity Framework, amene amasandutsa funso lanu kukhala SQL mwakachetechete. Ndipo funsolo silipita pomwe mwalilemba, limadikira kufikira mutayamba kuwerenga mayankho. Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Tinene kuti mwaitanitsa mabuku 500, kenaka pa buku lililonse mufunsa dzina la mlembi. Pulogalamu iwoneka yaifupi ndi yaukhondo, koma ingathe kupita ku nkhokwe ka 501: kamodzi kukatenga mabuku, ka 500 kukatenga alembi. Zili ngati kupita ku chigayo ndi chimanga cha m'kapu ulendo uliwonse. Wodziwa SQL amayang'ana zimene womasulira uja watumiza, nazindikira msanga. Mu Entity Framework amangowonjeza liwu lakuti Include, ndipo mabuku ndi alembi ake amabwera ulendo umodzi.