Mwana wa mfumu anali chimanga cha mbewu

Inu a pakhomo pano mukudziwa kuti tikakolola, si chimanga chonse chimapita kuchigayo. Chachikuluchikulu, cha njere zokhwima bwino, timachipatula, kuchimanga ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kutsindwi kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Mwana angalire bwanji, chimenecho sachikazinga. Chikudikira mvula, ndipo mwini munda ndiye adzanene kokachibzala. Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsanso mmene mafumu a ku Ulaya ankaonera ana awo zaka mazana angapo zapitazo.

Kwa mfumu, mwana sanali wongomulera kuti akadzakula adzipezere wokondana naye. Anali mbewu yoti ikabzalidwa pabwino idzabala dziko, chuma kapena mtendere. N'chifukwa chake nkhani ya ukwati inkayamba mwana akadali kumsana. Catherine wa ku Aragon anamutomera kwa Arthur, mwana wa mfumu ya England, mu 1489 ali ndi zaka zitatu zokha. Anakwatirana mu 1501, koma Arthur anamwalira chaka chotsatira. Kodi pangano linatha? Ayi. Mtsikanayo anangodikira, ndipo mu 1509 anakwatiwa ndi mng'ono wa malemuyo, Henry VIII.

Banja la Habsburg la ku Austria ndilo linali katswiri pa ulimi umenewu. Maximilian anakwatira Mary wa ku Burgundy mu 1477. Mwana wawo Philip anakwatira Joanna wa ku Castile mu 1496. Mdzukulu, Charles V, anakolola zonse pamodzi: Netherlands, Spain ndi madera ake a ku America, komanso Austria. Zimene asilikali akanazifera kwa zaka zambiri zinabwera ndi maukwati awiri. Ndipo ku Ulayako chuma chinkachokera kuchikazi. Catherine wa ku Braganza, wa ku Portugal, pokwatiwa ndi mfumu ya England mu 1662, anabwera ndi Tangier ndi Bombay, mzinda umene lero ndi Mumbai.

Nanga mwana wokwatitsidwayo ankamva bwanji? Tiyeni timuyang'ane pafupi Marie Antoinette wa ku Austria. France ndi Austria anali adani akalekale, koma mu 1756 anapangana ubwenzi, ndipo panganolo linafunika chomangira. Mayi ake, Maria Theresa, anapereka mwana wawo wa zaka 14 ku banja lachifumu la France. Ukwati woyamba unachitikira ku Vienna mu Epulo 1770 mkwati kulibe. Amene anaima m'malo mwake kutchalitchi anali Ferdinand, mlongo wa mkwatibwi yemweyo. Kenako ulendo wa ngolo za akavalo unayambika. Pachilumba cha mumtsinje wa Rhine, pafupi ndi Strasbourg, anamanga nyumba ya matabwa ya makomo awiri. Mtsikanayo analowera khomo la ku Austria, anamuvula zovala za kwawo n'kumuveka za Chifalansa, anatsanzikana ndi omuperekeza, n'kutulukira khomo la ku France. Mwamuna wake, Louis, mnyamata wamanyazi wa zaka 15, anadzamuona koyamba patapita masiku angapo. Ku Vienna sanabwererenso mpaka imfa yake mu 1793.

Popeza okwatiranawo sankaonana, makolo ankatumiza akazembe kuti akakhale ankhoswe, ndiponso ojambula pamanja kuti abweretse nkhope. Apa pankatuluka zovuta. Henry VIII anakhutira ndi chithunzi cha Anne wa ku Cleves chimene Hans Holbein anajambula, koma atakumana naye maso ndi maso anakhumudwa. Anakwatirana mu Januwale 1540, pofika Julaye ukwati unali utathetsedwa.

Tsopano tibwerere kumunda. Aliyense amene anabwerezapo mbewu ya haibulidi zaka zotsatizana amadziwa mapeto ake: mapesi amaonda, zokolola zimachepa. A Habsburg, poopa kuti maiko awo angagwere m'manja mwa alendo, anayamba kukwatirana okhaokha, msuweni ndi msuweni. Zinafika poti mu 1649 Philip IV wa ku Spain anakwatira Mariana, mwana wa mlongo wake weniweni. Ganizani, malume kukwatira mwana amene anayenera kumuimira pa ukwati! Mwana wawo, Charles II, anabadwa mu 1661 wodwaladwala. Anachedwa kuyankhula ndi kuyenda, ndipo chibwano chake cha m'munsi chinatulukira kunja moti kutafuna kunkamuvuta. Anakwatira kawiri osaona mwana.

Atamwalira mu 1700, mpando wa Spain unasowa wolowapo wa m'nyumbamo. Mafumu a France ndi Austria onse ananena kuti ndi wawo, ndipo onse anali ndi umboni, chifukwa onse anabadwa kwa ana aakazi a mfumu ya Spain amene anakwatiwa kwawoko. Anamenyana kuyambira 1701 mpaka 1714. Maukwati amene anakonzedwa kuti atseke nkhondo ndi omwewo anapatsa aliyense chifukwa chotengera mfuti.