KHOSI LA MWANA WANU NDI MITSEMPHA YA MAGAZI

Amayi, gwirani m'mbali mwa khosi lanu, kunsi kwa chibwano. Kugunda kumene mukumvako ndi kwa mtsempha waukulu wa magazi. Mitsempha yotere ilipo iŵiri, wina kumanja, wina kumanzere, ndipo nthambi zake zimapititsa magazi ku ubongo. Pokwera kumutu, nthambizo zimadutsa kuseri kwa timinofu tiŵiri timene timaoneka m'mbali mwa mmero mwana akayasamula. Achipatala amatitcha matonsilo.

Mwa munthu wamkulu, pakati pa kamnofu kameneka ndi mtsempha pali mpata wa masentimita pafupifupi 2.5. Mwa mwana wa chaka chimodzi mpatawo ndi wa masentimita pafupifupi 1.5, ngati kunenepa kwa chala chanu chaching'ono. Umakula pang'onopang'ono pamene thupi likukula, kufikira mwana atatha msinkhu. Motero ana aang'ono, amene amagwa kaŵirikaŵiri ndiponso amaika chilichonse m'kamwa, ndiwo amene mtsempha wawo uli pafupi koposa.

Mwana akagwa ali ndi pensulo, mswachi, supuni kapena kamtengo m'kamwa, chinthucho chimabaya kukhosi. Zilonda zambiri zotere zimapola zokha. Koma chikabaya cham'mbali, chingathe kufinya mtsempha ngakhale osauboola. Magazi amaundana m'kati mwake, ndipo ubongo umayamba kupereŵedwa magazi. Choopsa ndi chakuti bala limaoneka laling'ono, mwana amaleka kulira, mwinanso kudya bwinobwino, koma matenda n'kudzaonekera patapita maola angapo, tsiku limodzi kapena masiku aŵiri.

Nchifukwa chake mwana wovulala kukhosi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale magazi ataleka. Ngati chinthucho chatsalira m'bala, musachizule. Mukabwerera kunyumba, muyang'anireni masiku atatu, usiku womwe. Akayamba kugona mopitirira muyeso, kusanza, kukomoka, kupotoka kamwa, kulephera kulankhula, kutupa khosi, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka, thamangirani kuchipatala nthaŵi yomweyo. Musadikire kuti kuche, ndipo musadikire tsiku la sikelo.

Mwana azidya ndi kutsuka mano atakhala pansi, inu muli pomwepo. Akadwala zilonda zapakhosi, musalole munthu aliyense kumudula, kumukanda kapena kumufinya kukhosi ndi chala, lumo ngakhale kamtengo. Kumuyeza kukhosi ndi ntchito ya achipatala.